Kusoka Mawu

Dokotala aliyense wophunzira opaleshoni ya pakhosi amauzidwa lamulo limodzi adakali mlendo pantchito: usasende timinofu tonse tiwiri totulutsa mawu nthawi imodzi, pamalo pamene timakumana kutsogolo. Mabala awiri aawisi akayang'anizana amamatirirana pochira, ndipo pamamera kachikopa kolumikiza mbali ziwirizo, kamene kamasintha mawu a munthu mpaka kalekale. Madokotala amakaopa kachikopa kameneka. Akapeza nthenda mbali zonse ziwiri, ena amayamba achita mbali imodzi, n'kudikira masabata angapo kuti papole, kenako n'kubwerera ku inayo. Koma pali opaleshoni ina imene cholinga chake ndi kupanga kachikopa komweko mwadala, moyeza mamilimita. Imatchedwa glottoplasty, ndipo ndi imene imachitika kwambiri masiku ano kwa amayi a transgender ofuna kukweza mawu awo. Awa ndi anthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi, ndipo amakhala moyo wawo monga akazi.

Malo ogwirirapo ntchitoyi ndi ochepa modabwitsa. M'kati mwa kholingo, kuseri kwa fupa lofewa limene limatukuka pakhosi pa amuna ambiri, muli timinofu tiwiri togona pakhomo pa njira ya mpweya. Kutsogolo n'tolumikizana, kumbuyo timatseguka, moti ukatiyang'ana kuchokera pamwamba timapanga chilembo cha V. Munthu akamapuma, V ameneyu amakhala chitsegukire. Akafuna kulankhula timinofuto timayandikana, mpweya wochokera m'mapapo n'kutikankha kuti titseguke, kenako timabwererana, n'kutsegukanso, mofulumira kwambiri moti diso silingatsatire. Kwa mwamuna wamkulu zimenezi zimachitika ka 100 mpaka ka 130 pa sekondi imodzi, kwa mkazi ka 200 kapena kupitirirapo pang'ono. Akatswiri amalemba chiwerengerochi ndi chizindikiro cha Hz. M'litali, timinofu ta amuna timakhala mamilimita 17 mpaka 25, ta akazi 12 mpaka 17. Besi wa bambo ndi mawu a mayi, mbali yaikulu, amasiyana chifukwa cha mamilimita ochepa amenewa.

Minoru Hirano, dokotala wa ku Kurume m'dziko la Japan, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti kamnofu kalikonse kali ndi magawo osanjikizana. Pansi pali mnofu weniweni, pamwamba pake pali mtsempha wolimba, kenako gawo lofewa loterera, ndipo zonsezi zakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Gawo lofewalo ndilo limatulutsa mawu omveka bwino, chifukwa mpweya ukamadutsa limapanga timafunde toyenda pamwamba pa mnofu. Likachita chipsera limauma, timafunde timatha, mawu n'kusasa. Ndiye dokotala wa mawu amagwira ntchito akudziwa kuti kagawo kofunika koposa ndi komwe sangathe kukabwezeretsa akakawononga.

Mnyamata akamatha msinkhu, homoni ya testosterone imakulitsa kholingo, n'kutalikitsa ndi kunenepetsa timinofu tija. Kusintha kumeneku sikubwerera m'mbuyo. Mayi wa transgender angamwe mankhwala a estrogen zaka zambirimbiri, khungu n'kusalala, thupi n'kusintha, koma kholingo limakhala momwe linalili. Ambiri amakwanitsa kusintha mawu pongophunzira, mothandizidwa ndi katswiri wa kalankhulidwe, osafunanso mpeni. Ena amakwanitsa ndithu, koma pofika madzulo khosi limakhala litatopa, ndipo akadzidzimuka, akaseka kapena akangodzuka kutulo, mawu akale amatulukira. Palamya m'pamene pamavuta kwambiri, popeza wa mbali inayo alibe china chodziwira munthu koma mawu basi. Anthu amenewa ndiwo amafika kwa dokotala.

Woimba gitala amadziwa njira zitatu zokwezera liwu la nsambo: kuikunga, kusankha yopyapyala, kapena kuifupikitsa poidinda ndi chala. Madokotala anayesa zonse zitatu. Njira yokunga inachokera kwa Nobuhiko Isshiki wa ku Kyoto m'zaka za m'ma 1970. Amacheka pakhosi kutsogolo, n'kukokera pamodzi mafupa awiri ofewa a kholingo ndi ulusi, kuti timinofu tikhale tokungika nthawi zonse. Tsoka lake n'lakuti pakapita nthawi ulusi umatha kukhwefuka kapena kudula fupalo, mawu n'kutsikanso, pomwe chipsera chatsala pakhosi. Njira yopepula imagwiritsa ntchito kuwala kotentha kwa laser kuchotsa kambali ka mnofu, koma payokha imakweza mawu pang'ono chabe. Yofupikitsa ndiyo inafala. Anaifotokoza Jürgen Wendler, dokotala wa mawu wa ku Berlin, cha mu 1990, ndipo Manfred Gross wa ku Berlin komweko anafalitsa zotsatira za odwala ake mu 1999.

Asanagwire chilichonse, dokotala amayamba waonerera timinofuto tili pantchito. Amalowetsa kakamera kudzera m'mphuno kapena m'kamwa, n'kuuza mayiyo kuti akoke liwu la "iii". Kamaikolofoni kogunda pakhosi kamamva liwiro la kunjenjemerako, n'kulamula nyale kuti iziphethira pa liwiro losiyana pang'ono chabe ndi la timinofu. Kuphethira kulikonse kumapeza timinofu titasuntha pang'ono kuchokera pomwe tinali pa kuphethira koyamba, ndipo zithunzizo zikatsatizana diso limanamizidwa, n'kuona timinofu tikutseguka ndi kutsekeka mosafulumira, funde lililonse likuonekera. Chipangizochi amachitcha stroboscope, ndipo nzeru yake imandisangalatsa, chifukwa sichilimbana nalo liwirolo, chimangolizembera. Amajambulanso mawu a mayiyo akuwerenga ndime, kuti padzakhale poyerekezera. Wosuta fodya amauzidwa kuti asiye kaye, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti munthu ayambe wadutsa kwa wophunzitsa kalankhulidwe.

Tsiku la opaleshoni mayiyo amagonekedwa chagada n'kupatsidwa mankhwala ogonetsa. Dokotala wogonetsa amalowetsa kapaipi kopumira kocheperapo kusiyana ndi ka masiku onse, kuti kagone kumbuyo kwa V, kutsogolo kukhale poyera. Mano akumwamba amawaveka chotchinjiriza. Kenako dokotala amatenga chitsulo chowongoka, chobowoka m'kati, chotchedwa laryngoscope, n'kuchitsetsereza pamwamba pa lilime mpaka nsonga yake itaima pamwamba penipeni pa timinofu. Apa m'pofunika kuleza mtima. Njira yochokera m'kamwa kupita kukholingo ndi yokhota, chitsulocho n'chowongoka, ndipo malo ofunikawo, pamphambano ya kutsogolo, ndiwo obisika kuposa ena onse. Nthawi zina wothandiza amadinikiza khosi kuchokera kunja ndi chala kuti mphambanoyo itulukire. Chitsulo chikakhala m'malo mwake amachimangirira pa chochirikiza chokhala pamwamba pa chifuwa, kuti manja onse awiri a dokotala amasuke. Kagwiridwe kantchito kameneka, ka chitsulo cholendewera ndi maikulosikopu, anakakhwimitsa ndi Oskar Kleinsasser ku Germany m'zaka za m'ma 1960.

Dokotala amakhala pampando kumutu kwa mayiyo, akuyang'ana kudzera mu maikulosikopu pamtunda wa masentimita pafupifupi 40 kuchokera pa timinofu. Mpata umenewu ndi wodutsa zida. Timasizasi, timbaniro ndi chogwirira singano, zonse n'zazitali kuposa masentimita 20, koma mitu yake ndi ya mamilimita awiri kapena atatu. Chida chachitali chotere chimakulitsa kunjenjemera kulikonse kwa dzanja, choncho zigongono zimatsamira pa mkono wa mpando, ndipo thunthu la chida limayedzamira m'mbali mwa chitsulo chija kuti lisagwedere. Zida ziwiri, kuwala ndi maso a dokotala, zonse zimalowera pa bowo limodzi lopapatiza. Dzanja likangolowa pakati pang'ono, latchinga maso.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza. Dokotala amaona kutalika kwa gawo lonjenjemera, n'kuika kachizindikiro pa kamnofu kalikonse posonyeza pomwe V watsopano adzayambire. Ambiri amatseka gawo limodzi mwa magawo atatu, ena amayandikira theka. Apa m'pamene pamaonekera chikhalire cha munthu pantchito. Akatseka pang'ono, mawu sakwera mokwanira ndipo mayiyo wavutikira pachabe. Akatseka kwambiri, njira ya mpweya imachepa, mawu amaonda n'kutha mphamvu. Zizindikiro ziwirizo ziyeneranso kulunjikana ndendende, chifukwa timinofu tikasiyana kutalika timanjenjemera mosagwirizana, ndipo khutu limamva msanga.

Kenako kusenda. Ndi kambaniro kudzanja limodzi, dokotala amanyamula kakhungu ka m'mphepete mwa kamnofu, ndipo ndi kasizasi kudzanja linalo amakadula pang'onopang'ono kuyambira pa chizindikiro mpaka pamphambano, n'kutsikira kunsi kwake. Akatha mbali iyi amasinthanitsa zida m'manja, n'kuchita mbali inayo, moti dzanja lamanzere liyenera kudziwa ntchito ngati lamanja. Ena amakonda laser chifukwa sipatuluka magazi ambiri. Ena amaikana poopa kuti kutentha kungalowerere ku gawo lofewa lija. Timagazi tikatuluka amatiletsa ndi kathonje konyika m'mankhwala a adrenaline. Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisamala nthawi imodzi. Pamalo osendedwawo pasatsale kakhungu ngakhale kang'onong'ono, chifukwa khungu ndi khungu sizimatana, ndipo pangatsale kabowo kotaya mpweya. Koma kuseri kwa chizindikiro, pa gawo limene lidzapitirize kuimba, chida chisakhudzepo n'komwe.

Kusoka ndiko chimake cha luso lonse. Singano yake ndi yokhota, yaing'ono, ndipo m'kati mwa chitsulo mulibe malo opotolera dzanja monga achitira posoka bala la pamwendo. Dokotala amaipana singanoyo pa ngodya yoyenera isanalowe, chifukwa kuikonza ili m'kati n'kovuta. Imaboola kamnofu koyamba kuchokera pamwamba, kudutsa mu mnofu weniweni kuti ulusi upeze pogwira, n'kutulukira pakati. Amaigwiranso, n'kuilowetsa m'kamnofu kachiwiri kuchokera kunsi, itulukire pamwamba, pa kuya kofanana ndi kwa mbali yoyamba. Ikalowa mozama mbali ina n'kukhala pamwamba mbali inayo, kamnofu kena kamakwera pa kanzake, ndipo timinofuto sitidzakumananso bwino polankhula.

Zala sizingafike kukholingo, ndiye mfundo amaimanga kunja kwa kamwa. Akaimanga amaitsitsa m'chitsulo muja ndi kandodo kokhala ndi kamphanda kunsonga, akukoka nsonga ziwiri za ulusi ndi dzanja linalo, mpaka mfundoyo itakhala pa mnofu. Kulimba kwake amakumva kudzera m'kandodoko, pamtunda wa masentimita oposa 20. Ikathina kwambiri ulusi umadula mnofu kapena kuumana magazi. Ikakhwefuka mbali ziwirizo sizigundana. Kawirikawiri amasoka pawiri, nthawi zina pamodzi kapena patatu, ndipo msoko wa kumbuyo ndiwo wofunika koposa, chifukwa ndiwo mphambano yatsopano. Amafuna V wosongoka, osati wozungulira ngati U. Ambiri amagwiritsa ntchito ulusi umene umasungunuka wokha pakatha masabata angapo, ena wosasungunuka. Ena amathirapo kaguluu kopangidwa kuchokera ku zomwe zimaundanitsa magazi, ndipo ena amabaya mankhwala a Botox mu mnofu kuti ufooke kwa miyezi ingapo, usakoke msoko. Hyung-Tae Kim wa ku Yeson Voice Center ku Seoul, amene mu 2017 analemba za anthu oposa 300 omwe anawachita opaleshoniyi, anaika mtima kwambiri pa kaumbidwe ka kunsi kwa msoko, kuti mpweya wochokera m'mapapo uzifika pa timinofu mosagunda khoma. Ntchito yonse imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo pakhosi sipaoneka bala.

Dokotala wogonetsa ali ndi luso lake pomaliza. Munthu akamatsitsimuka ali ndi paipi pakhosi amafuna kutsokomola, ndipo kutsokomola kumamenyanitsa timinofu mwamphamvu. Choncho amamudzutsa mwakachetechete, n'kusolola kapaipiko mosamala kuti kasakhule msoko.

Kuyambira pamenepo ntchito ili m'manja mwa mayiyo. Ulusi sulumikiza kanthu, umangogwira mbali ziwirizo kuti thupi lizilumikize lokha, ndipo thupi limachita zimenezi pokhapokha pamalopo patakhala bata. Madokotala ambiri amalamula kukhala chete kotheratu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ena mpaka mwezi. Kunong'ona n'koletsedwa, pakuti nakonso kumagwiritsa ntchito kholingo, mwinanso molipanikiza. Pakhosi pakayabwa, m'malo mokhosomola amamwa madzi pang'ono, kapena kutulutsa mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa, popanda liwu. Poyetsemulanso kukamwa kukhale kotsegula. Mafilimu oseketsa amayamba aima kaye. Lamulo limene limadabwitsa ambiri ndi loletsa kunyamula katundu wolemera ndi kudzikakamiza kuchimbudzi. Chifukwa chake n'chakuti munthu akamachita chamuna, timinofu tomweti timatsekeka zolimba kuti titsekere mpweya m'chifuwa. Yesani kukweza thumba la simenti, mumva pakhosi pakutseka pokha. Ndiye zipatso, masamba ndi madzi ambiri zimakhala mbali ya mankhwala a mawu.

Mdani wina ndi asidi wa m'mimba, amene amatha kukwera usiku n'kuwotcha bala. Amapereka mankhwala monga omeprazole, n'kuletsa tsabola, mowa, khofi ndi kudya pafupi ndi nthawi yogona, ndipo kumutu kwa bedi kumakwezedwa. Masiku oyamba lilime limatha kuchita dzanzi ndi nsagwada kuwawa chifukwa cha chitsulo chija, pomwe pabala penipeni sipapweteka kwenikweni. Zoyankhula zonse zimadzera pa kabuku kapena pa foni, ndipo ena amayenda ndi kapepala kolembedwa kuti achitidwa opaleshoni ya pakhosi, kuti anthu asawayese amwano akapanda kuyankha moni. Chovuta si ululu ayi. Ndi kuiwala, monga pamene mwana waitana kapena galu wathamangira kumsewu, liwu n'kutuluka lokha munthu asanaganize.

Kakamera kakabwereranso pakatha sabata kapena ziwiri, zomwe zimaoneka sizokongola. Timinofu timakhala totupa, tofiira, pamsoko patakutidwa ndi zoyera. Dokotala wozolowera saopa zoyerazo, amadziwa kuti ndi chophimba cha bala lomwe likupola. Chimene amafufuza n'chakuti msoko wa kumbuyo udakagwira kapena wamasuka, komanso ngati pamera kanyama kofiira kotuluka pa ulusi, kamene kawirikawiri kamatha kokha. Akalola kulankhula, amayamba ndi mphindi zochepa. Mawu oyambawo amakhumudwitsa anthu ambiri: osasa, odzaza mpweya, odukaduka, nthawi zina otsika kuposa momwe ankayembekezera, popeza mnofu wotupa ndi wolemera. Amakhazikika pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ena mpaka chaka.

Apa wophunzitsa kalankhulidwe amabwereranso, ndipo chida chake chachikulu ndi kapaipi komwera zakumwa. Mayiyo amavika nsonga ya kapaipi m'madzi a m'tambula, n'kumatulutsa liwu la "uuu" kudzera m'menemo, madzi akubwata. Madziwo amakankhira mpweya wina m'mbuyo, ndipo mpweya wobwererawo umalekanitsa timinofu pang'ono, moti timanjenjemera osamenyana mwamphamvu. Ingo Titze wa ku America anafotokoza sayansi yake, ndipo Marketta Sihvo wa ku Finland anakonza njira ya paipi ya m'madzi imene amaitcha Lax Vox. Phunziro lina n'lodabwitsa. Munthu amene wakhala zaka akukweza mawu pokunga khosi ayenera tsopano kuphunzira kulekerera, chifukwa akapitiriza kukoka pamwamba pa timinofu tofupika kale, mawu amatuluka othina. Ubongo nawo umatenga nthawi kuti uzolowere kuchuluka kwa mpweya umene timinofu tatsopanoti tikufuna.

Ndipo pali mbali yaikulu imene singano siifika. Liwu likachoka pa timinofu limadutsa m'mero ndi m'kamwa, njira ya masentimita pafupifupi 17 kwa amuna ndi 14 kapena 15 kwa akazi, ndipo njira imeneyi ndiyo imalipatsa mtundu wake. Liwu lokwera lotuluka m'njira yaitali limamveka ngati mwamuna amene akuyerekeza mkazi. Ndiye mayiyo amaphunzira kufupikitsa njirayo yekha: kukweza kholingo pang'ono popanda kulipana, kubweretsa lilime kutsogolo, kutambasula milomo m'malo moisongola. Amaphunziranso kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu m'chiganizo. Pa maganizo anga, dokotala amene amalonjeza mawu achikazi ndi opaleshoni yokha ngosayenera kumukhulupirira.

Zotsatira zofalitsidwa zimasonyeza kuti mawu amakwera ndi 50 mpaka 80 Hz mwa anthu ambiri, moti amene ankalankhula pa 130 angafike cha pa 200. Kwa achikulire ndi amene anasuta fodya nthawi yaitali amakwera mocheperapo. Mtengo wake nawo ulipo. Mawu apansi amatha, chimene chinali cholinga, koma apamwamba sawonjezeka mofanana, choncho woimba amachenjezedwa kuti nyimbo zina adzazisiya. Mphamvu yofuula imachepa, ndipo kuitana munthu pamsika kapena kulankhula pamalo aphokoso kumatopetsa. Msoko ukamasuka msanga pamafunika kubwereza. Kumasula kachikopako katamera kale n'kovuta, ndipo mawu akale sabwerera momwe analili. Madokotala ena, monga James Thomas wa ku Portland m'chigawo cha Oregon, amachita opaleshoni yaikulu yodula mbali ya kutsogolo ya kholingo lonse n'kulikweza m'mwamba, koma chiopsezo chakenso n'chachikulu.

Chotukuka cha pakhosi ndi nkhani ina, ngakhale nthawi zina amachipala tsiku lomwelo. Kupala fupa lofewalo sikukweza mawu, koma kungawawononge, chifukwa mphambano ya timinofu yamatirira kuseri kwa fupa lomwelo. Akapala kupitirira malire, timinofu timakhwefuka ndipo mawu amatsika. Pofuna kudziwa malirewo, madokotala ena amaboola fupalo ndi kasingano kuchokera kunja, uku mnzawo akuyang'ana m'kati ndi kakamera. Nsonga ya singano ikatulukira pamwamba pa timinofu, amalemba mzere pamenepo, n'kupala zokhazo zili kumtunda kwa mzerewo.

Pomutulutsa m'chipatala, mayiyo amauzidwa chinthu chimodzi choti asadzaiwale moyo wake wonse. Khomo la mpweya lachepa, choncho tsiku lina akadzafuna opaleshoni ina iliyonse, kaya ya m'mimba kaya ya mwendo, adzauze dokotala wogonetsa kuti anachitidwa glottoplasty, kuti adzasankhe kapaipi kakang'ono n'kukalowetsa chakumbuyo, kutali ndi mphambano yosokedwayo. Zipatala zina zimapereka kalata yofotokoza zimenezi, yoti aziyenda nayo m'chikwama.